Wa Khumi pa Benchi ya Katemera

1

Dzina langa ndine Sellah, kwathu ndi kwa Nchilamwela ku Thyolo kuno. Ndimathyola tiyi pa esiteti ina imene sinditchula dzina, chifukwa eni akewo sanandilakwire kanthu. Wondilakwira ndinkadya naye mbale imodzi.

Ndinakwatiwa ndi Crispin mu 2015. Tisanamizane abale, mwamunayo ndi wooneka bwino: wamtali, wa mano oyera, pakamwa pozuna ngati wotsatsa mankhwala m'basi. Ankayendetsa ambulansi ya esiteti. Mwa mwambo wathu anadzamanga kwathu, pafupi ndi nyumba ya ababa, koma mkati mwa sabata ankagona ku malaini, nyumba za antchito za pafupi ndi kiliniki, kutsidya kwa mtsinje, ati odwala sasankha ola. Ankabwera Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba m'mawa.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, mphatso ayi. Amene munadutsamo mukudziwa mmene zimawawira. Anzako akamapita ku sikelo ana ali kumbuyo, iwe umangoweramira tiyi ngati sukuona. N'chifukwa chake ku kiliniki ya esitetiyo ndinali ndisanapondeko phazi. Ndikakatani? Mutu ukandipweteka, Crispin ankandibweretsera mapiritsi m'thumba la malaya.

Amayi anatisiya kalekale. Ndinatsala ndi ababa, a Yesaya Namakhwa, amene anagwira ntchito m'fakitale ya tiyi zaka makumi atatu n'kutulukamo ndi mphumu komanso matenda a shuga. Chuma chawo chinali kawailesi kakuda komanga ndi mphira. Korona itafika, kawailesiko kankanena tsiku ndi tsiku kuti matendawa akutenga kwambiri okalamba ndi a shuga. Ababa ankangoti, "Akunena ine amenewa."

2

Mu Malichi 2021 tinamva kuti katemera wafika m'dziko muno. Ababa anasangalala ngati awonjezeredwa penshoni. Koma Loweruka lina tili pakhonde, Crispin anawadula mawu.

"Madala, musapupulume. Ine ndimagwira ntchito ndi madokotala. Mabokosi a katemerayo ndimanyamula ndine. Zimene ndimamva ine, wailesi singanene."

"Mumamva zotani, akamwini?" anafunsa ababa.

"Okalamba akabaya, samaliza zaka ziwiri. Koma akazi..." Apa anandiyang'ana ine. "Akazi chiberekero chimauma. Kuuma gwa!"

Ine ndinafunsa, "Nanga inuyo ku ntchito sanakukakamizeni?"

"Ine? Anayesa! Ndinawauza kuti bola ntchito ithe, koma thupi langa ayi." Anadziguguda pachifuwa, ine n'kumuona ngati ngwazi.

Ababa sanatengeke nazo. Anapinda mkono wa malaya n'kutionetsa chipsera chakale paphewa. "Uwu ndi wa nthomba, anandibaya ndili mwana. Kunali mphekesera ngati zomwezi. Ndinafa? Sindinabereke iwe, Sellah?"

"Uja unali wina, ababa," ndinatero, ndikungobwereza mawu a mwamuna wanga.

Miyezi inadutsa. Katemera ankaperekedwa ku Boma, ndipo ababa ndi miyendo yawo yotupa sakanatha kupita okha. Akandipempha kuti ndiwaperekeze, ndinkati mawa. Mawa likafika ndinkati kwazizira, mphumu ingayambe. Mwa nzeru zanga ndinkati ndikuwateteza.

Mu Meyi wailesi inanena kuti katemera wina wapitirira masiku ake ndipo amuwotcha. Ababa anamenya kawailesi kaja mpaka mabatire anagwa.

"Akuwotcha mankhwala ine ndili pano! Sellah, kodi ukufuna ndife?"

"Aaa, ababa, mawu amenewo ayi."

"Ndiye ndipita ndekha. Undiona."

3

Mu Juni kunamveka kuti Lachitatu katemera abwera ku kiliniki ya esiteti. Ababa anapangana okha ndi wakabaza. M'mawa wake anavala jekete la kutchalitchi, chipewa chophimba makutu ndi masiki mpaka m'maso.

"Usamuuze mwamuna wako," anandichenjeza. "Sindifuna mikangano ndi mkamwini. Akakhala kuti ali komweko, sandizindikira ndi zimene ndavalazi. Inenso sindikatchula dzina lake."

Ine ndinapita kumunda. Kunali chiperoni, tiyi ali wonyowa, zala zikuchita kuuma ndi kuzizira. Cha m'ma teni foni inalira pa mfundo ya chitenje. Anali ababa.

"Sellah, tili asanu ndi anayi. Talankhula ndi adokotala awa."

Kunabwera mawu a mtsikana, ofewa, aulemu. "Mayi, ine ndine Fainess, wazaumoyo pa kiliniki pano. Kabotolo kamodzi ka katemera n'ka anthu khumi. Tikakatsegula kayenera kutha lero lomwe, wotsala amawonongeka. Aka n'kotsiriza, ndiye a Sisitala akana kutsegula mpaka anthu akwane khumi. Bambo anu akuti muli kutsidyaku, ndipo simunabaye. Tabwerani mukhale wa khumi. Theka la ola mwafika."

Ndinathamangira kwa a kapitawo athu, a Leonard, bambo wofatsa amene sanandikalipirepo. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Thamangani, mayi. Dengulo siyani pomwepo, ndiliona ine."

Ndinafika mpaka pa kanjira kotsikira kumtsinje. Denga la kiliniki ndinkaliona. Pamenepo m'pamene mantha anandigwira, ndipo ndinachita chimene ababa anandiletsa. Ndinamuimbira Crispin.

"Usayerekeze," anatero, mawu ali pansipansi.

"Koma ababa akudikira! Akungosowa munthu mmodzi. Inuyo muli kuti?"

"Ndili pa msewu wa ku Limbe, ndanyamula wodwala. Tamvera, Sellah. Zaka zisanu ndi chimodzi tikulira mwana. Ukabaya, uiwale. Ndipo ine sindingakhale ndi mkazi wodziumitsa dala. Ukaponda pa kiliniki paja, ukwati watha. Sankha."

Anadula foni.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, madzi a chiperoni akutsika m'khosi. Kenako ndinawaimbira ababa.

"Ababa, a kapitawo akana."

Ndinkamva kupuma kwawo kwa mphumu, kuja kolira ngati wenzulo.

"Chabwino, mwananga. Ntchito ndi ntchito. Usataye malo chifukwa cha ine."

Nditabwerera, a Leonard anadabwa. "Mwabwerera, mayi?"

"Wapezeka wina," ndinatero, n'kuberekanso dengu langa.

4

Ababa anafika kunyumba dzuwa litapendeka, phewa lili momwe linaliri. Anati anadikira mpaka thu koloko. Ena anatopa n'kubwerera ku ntchito, anatsala asanu, kenako galimoto ya ku Boma inabwera kudzatenga bokosi lozizira lija, kabotolo kosatsegula kali momwemo.

"Akuti abweranso Lachitatu," anatero. "Koma kapitawo wako uja ndi wouma mtima."

Ine ndinangoti, "Eee."

Lachitatu lisanafike, wailesi inalengeza kuti katemera watha ndipo wina sakudziwika tsiku lobwera. Kenako Julayi anafika ndi maliro. Kutsidya maliro, kumtunda maliro, mpaka m'munda tinkachita kufunsana kuti lero aika ndani. Anthu omwe aja ankati korona ndi ya azungu anayamba kufukiza masamba a bulugama m'nyumba.

Ababa anayamba ndi kutsokomola. Tsiku lachitatu sankatha kumaliza chiganizo. Crispin anabwera ndi ambulansi, anawanyamula yekha m'manja, n'kuyendetsa ngati wamisala mpaka ku Boma. Panjira Crispin ankagwetsa misozi, ine n'kumati Mulungu anandipatsa mwamuna.

Kuchipatala sanandilole kulowa. Ndinkakhala panja pa mpanda ndi amayi ena, tikudikira kuti foni ilire. Tsiku lachinayi ababa anaimba. Ankalankhula Chilomwe, monga ankachitira zinthu zikavuta.

"Usadziimbe mlandu, Sellah. Iwe unafuna kubwera. Ndikudziwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Ndikulumbira, ndinatsegula. Koma anayamba kutsokomola, namwino n'kutenga foni. M'mawa wake anatiuza kuti ababa atisiya.

Maliro ake sanali maliro. Sitinawasambitse, sitinaone nkhope. Anabwera anthu ovala mapulasitiki oyera, anatsitsa bokosi, ife tili patali ngati alendo. A Leonard anabwera kudzapepesa, chipewa chili m'manja. Amalume anga, a Winston, anawaona n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Awa ndi amene anamukaniza mwanayu kupita. Lero abwera kudzaona ntchito yawo."

A Leonard anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Iwo anangovala chipewa chawo n'kumapita. Crispin anandigwira phewa n'kundinong'oneza kuti ndisalankhule, zipita zokha.

5

Sizinapite. Ndinkadya osamva kukoma, ndinkathyola tiyi osaona masamba. M'munda ndinkawazemba a Leonard, iwo osandifunsa kanthu, ndipo kusafunsako n'kumene kunkandipha.

Mu Ogasiti katemera anabweranso. Ha, koma anthu! Omwe aja ankathawira m'tiyi akaona galimoto ya zaumoyo tsopano ankalimbirana malo pamzere. Lachitatu lina ndinadzuka ndi mkwiyo umene sindikudziwa kumene unachokera. Ndinati ngati kuli kuuma, ndiume. Chimene ababa anachifuna mpaka kufa, ine ndikachilandira, Crispin afune asafune.

Ndinatsika kanjira kaja, ndinawoloka mtsinje, ndinakwera chitunda. Sindinatuluke n'thukuta lomwe, ndinangoona ndafika.

Ambulansi panalibe, mtima unakhala m'malo. Pakhonde panali mabenchi odzaza amayi, kutsogolo kutaima a Sisitala Leah, mayi wojintcha wa mawu ngati belu, akuphunzitsa anthu asanayambe kubaya.

"Pali funso? Funsani lero, musakafunse kwa aneba anu osadziwa ndi kulemba komwe!"

Ndinakweza dzanja. "Akuti... akuti mkazi akabaya sabereka."

"Iii, bodza limeneli silikufabe? Fainess! Tatuluka uwaonetse umboni!"

Panatuluka mtsikana wa yunifolomu ya buluu, woyera, wamanyazi, cholembera chili m'manja. Yunifolomuyo inali itamuthina pamimba. Ndinazindikira dzinalo, anali uja anandiimbira foni.

A Sisitala anamuzungulitsa ngati akumugulitsa. "Uyu anabaya mu Malichi ku Boma, tsiku limodzi ndi amuna ake, a Crispin athu oyendetsa ambulansiwa. Ndinali pomwepo ine, bamboyo anachita kutsinzina ngati mwana wa sikelo! Ndiye taonani mimbayi, miyezi isanu. Kuuma kwake n'kumeneku?"

Amayi anaseka, wina mpaka analuluta.

"Crispin wake uti?" Mawuwo anatuluka okha.

"Alipo angati, mayi? Ambulansi ndi imodzi, dalaivala ndi mmodzi."

Makutu anga anangoti ngwii. Ndinagwira benchi ndi manja awiri kuti ndisagwe. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandiseka, ati ndikuopa jakisoni.

6

Sindinathawe. Ndinadikira mpaka nthawi yanga inakwana, ndinalowa n'kukhala pa mpando moyang'anana ndi Fainess. Iye ndi amene ankalemba makadi, a Sisitala n'kumabaya.

"Dzina, mayi?"

"Sellah Namakhwa."

Cholembera chinaima. "Namakhwa? Agogo aja a chipewa, a mu Juni? Ndinu mwana wawo uja ndinalankhula naye? Ali bwanji agogo?"

"Tinaika mu Julayi."

Anaika cholembera pansi, maso ake n'kudzaza misozi. Sinali misozi yonamizira, ndinaona.

"Pepani, mayi. Tsiku lija limandipweteka mpaka lero. Mukudziwa kuti anali atakwana khumi?"

"Atakwana bwanji? Munandiuza kuti asanu ndi anayi."

"Wa khumi anali amuna anga. Ine ndinali nditabaya kale kachiwiri ku Boma, koma iwo linali tsiku lawo, anali atakhala kale pa benchi. Agogo atangotsika pa kabaza, ine ndinawerenga, khumi ndendende, a Sisitala n'kukatenga bokosi. Pobwera tinapeza amuna anga achoka. Anakadzitsekera m'ambulansi kuseriku, ati mutu. Ndinawagogodera kawiri. Ndinawachonderera kuti angotulutsa mkono pawindo, agogo aja abwera kuchokera kutali. Anakana."

"Sanapite ku Limbe?"

"Ku Limbe? Galimoto sinasunthe tsiku lonse."

Abale, ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Pamene ndinkamuimbira foni ndili kumtsinje, munthu uja anali pompano, kuseri kwa khoma, akuwaona ababa atakhala pa benchi ndi jekete lawo la kutchalitchi.

Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinatulutsa foni, ndinamuonetsa chithunzi cha ukwati wathu. Crispin ali mu suti, ine m'velo, ababa ataima pambali.

Fainess anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Anandiuza kuti ukwati unatha kale. Anati mkaziyo..."

"Malizani."

"Anati sabereka."

Anatsetsereka pa mpando mpaka kukhala pansi pa simenti, atagwira mimba. A Sisitala Leah, ndi mawu awo onse aja, anangogwira pakamwa. Ndinkafuna kumuda mtsikanayo, ndinayesetsa, koma ndinalephera. Mwa anthu onse, iye yekha ndi amene anayesa kuwapulumutsa ababa.

Ndinapinda mkono wa bulauzi. "Bayani, Sisitala. Kunjaku kuli anthu akudikira."

Anabaya. Linthumbu limaluma kuposa pamenepo.

7

Crispin sanadikire Lachisanu. Anafika Lachinayi m'mamawa, maso ali psuu. Anapeza zovala zake ndazimanga m'chitenje chakale pabwalo, amalume a Winston atakhala pa mpando, abale ena ataima m'mbali. Kwathu mkamwini amabwera ndi chikwama, amapitanso ndi chikwama.

Anagwada. "Sellah, ndinalakwa. Satana anandinyenga. Ndinkaopa kuti mukakumana ndi Fainess..."

"Za Fainess zisiye," ndinatero. Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. "Za mimba zisiye. Amuna anzako amachita zimenezo, timalira, zimatha. Ine ndikufunsa za benchi. Ukanangokhala pa benchi paja, Crispin! Ababa akanakuzindikira, akanakutukwana, ukwati ukanatha tsiku lomwelo, koma akanabaya. Unawaona akudikira mpaka thu koloko. Unali m'galimoto ukuchita chiyani? Ukumvera nyimbo?"

"Sindinadziwe kuti katemera atha."

"Unadziwa kuti suumitsa munthu! Unali nawo m'thupi mwako pamene unkadziguguda pachifuwa pakhonde apa!"

Amalume anaimirira n'kuloza njira ndi ndodo. "Nyamulani katundu wanu, bambo. Mudzi uno mwauona kokwanira."

Ataona kuti kugwada sikukuthandiza, Crispin anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Nkhope inasintha, anaseka pang'ono.

"Chabwino, ndikupita. Koma amalume, musanandiweruze ndekha, tamufunsani mwana wanuyu. Kapitawo uja munamuchititsa manyazi pamaliro, anakanadi? Tamufunsani."

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine.

"Sellah?" anatero amalume.

Ndikanatha kukana. Ndani akanakhulupirira Crispin tsiku limenelo? Koma ndinali nditatopa.

"A Leonard sanakane. Anandiuza kuti ndithamange. Ndinafika mpaka kumtsinje, ndinabwerera ndekha. Ndinawanamiza ababa."

Amalume anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoti, "Mlamu wanga anafa akutukwana munthu wosalakwa."

Crispin ananyamula mtolo wake n'kumapita, palibe anamuperekeza ngakhale ndi maso. Masana omwewo ine ndi amalume tinapita kwa a Leonard. Ndinagwada pakhomo pawo, akazi awo akuona, ndinanena zonse. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinadziwa tsiku la maliro lomwe lija, mayi," anatero. "Ndinaona kuti katundu amene munasenza ndi wolemera kale, ndiye ndinati ndikusenzereniko pang'ono. Dzukani. Mawa mubwere ku ntchito."

Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda.

8

Inu amene mukuwerenga, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti ndinakwatiwanso, ndinabereka mapasa, Crispin anapenga. Ayi ndithu. Ndikadali ndekha, ndikadathyola tiyi. Fainess anabereka mwana wamkazi wathanzi, akumulera yekha. Tikakumana pamsika timapatsana moni, basi. Crispin ndikumva kuti akuyendetsa minibasi ku Limbe, ndipo pakamwa pake pakadali pozuna.

A Sisitala Leah anandiitana tsiku lina n'kundiuza kuti ndisadzizunze. Ati katemera amatenga masabata kuti agwire ntchito, ndipo ndi shuga ndi mphumu zija, mwina ababa akanapitabe. Mwina. Koma anayamba kupempha mu Malichi, ndipo amene ankati mawa, mawa, ndinali ine. Yankho lake sindidzalidziwa mpaka ndidzafe.

Ndimamuda Crispin, sindibisa. Anatenga chinthu chimene chinkandipweteka kwambiri, kusowa mwana, n'kuchisandutsa chingwe chondimangira kutsidya kwa mtsinje kuti ndisaone chibwenzi chake. Koma amayi anzanga, ndikufunseni: munthu akakuletsani kupita kwinakwake, akumati akukutetezani, munayamba mwapitako kukaona nokha chimene chili kumeneko? Ine ndinali ndi miyendo, ndinali ndi chilolezo cha kapitawo, ndinali ndi bambo akundidikira. Ndinasankha kupempha chilolezo china kwa munthu amene anabisala m'galimoto.

Kwa a Leonard ndinakapepesa. Kwa amalume ndinaulula. Lero ndaulula kwa inu. Koma amene ndinawanamiza kwenikweni anatseka maso akundilimbikitsa kuti ndisadziimbe mlandu, ati ndinafuna kubwera. Ndapita kumanda katatu kukawauza zoona. Ndimafika, ndimagwada, ndimati, "Ababa, a kapitawo sanakane." Ndiye ndimadikira, ndipo palibe amayankha.